N'chiyani chimapha maselo m'singano ya makina a bioprinting?

Funso

Ndine wophunzira wa uinjiniya wa zipangizo zachipatala ku Malawi University of Science and Technology kuno ku Thyolo. Pa pulojekiti yanga yomaliza ndikusintha makina wamba osindikiza zinthu a 3D kuti m'malo mwa pulasitiki azitulutsa inki ya alginate (yochokera ku zomera za m'nyanja) ndi gelatin kudzera m'sirinji yokankhidwa ndi mota. Cholinga n'chakuti m'tsogolo tidzaike maselo amoyo mu inkimo, njira imene amati bioprinting. Ndikaika singano yaing'ono mizere imatuluka yooneka bwino, koma ndawerenga kuti masingano ang'onoang'ono amapha maselo chifukwa cha shear stress. Kodi chimawapha n'chiyani kwenikweni, ndipo ndigule singano iti? Wophunzira, Goliati.

Yankho

Achemwali, ndakondwa kuti mwayamba kudera nkhawa maselo musanawaike n'komwe m'makinawo. Ambiri amatengeka ndi kukongola kwa mizere, za maselo n'kudzazikumbukira madzi atafika kale m'khosi. Kuchepa kwa bowo la singano pakokha si kumene kumapha. Selo la munthu kapena la nyama limakula mamaikulomita 10 mpaka 20, pamene bowo la singano ya 27G n'lotambalala mamaikulomita pafupifupi 200, ndiye kuti mamilimita 0.2 (nambala ya G ikamakwera, bowo limachepa). Njira ilipo yokwanira, selo silipanikizidwa ndi chitsulo ayi. Chimene chimapha ndi mphamvu imene mukukakamiza nayo inki kuti idutse pabowolo, pamodzi ndi nthawi imene selo likhale likuzunzika ndi mphamvuyo. Mukamvetsa zimenezi mudzaona kuti zambiri zofunika kusintha zili pa mota ndi pa inki, singano imabwera pambuyo.

Mukadzadutsa pa mtsinje wa Thuchila mvula itagwa, ponyani tsamba limodzi pakati pa madzi, lina chakugombe. La pakati limangopita mwamtendere ngakhale kuti madzi a pamenepo ndi amene akuthamanga kwambiri, chifukwa kumanja kwake ndi kumanzere kwake madzi akuyenda liwiro limodzi. La kugombe limazungulirazungulira, poti mbali ina ikukokedwa ndi madzi othamanga pamene inayo yagwidwa ndi madzi oyenda pang'onopang'ono. M'singano zimachitikanso choncho. Inki imene yakhudza khoma la singano imakhala pafupifupi yoima, ya pakati ndi imene ikuthamanga, ndipo kuchokera kukhoma kukafika pakati inki imatsetserekana yokhayokha. Kukokana kumeneku ndiye shear stress. Pakatikati penipeni pa bowo ndi ziro, pakhoma ndi pamene yafika pachimake. Ndiye chifukwa chake pa kukankha kumodzi komweko maselo ena amatuluka osakhudzidwa, ena atavulala.

Pa singano yowongoka, shear stress ya pakhoma mutha kuiwerengera papepala: τ = ΔP × R ÷ 2L. ΔP ndi mphamvu yokankha inki, R ndi theka la kutambalala kwa bowo, L ndi kutalika kwa singano. Masamu amenewa sasankha inki, amagwira ntchito kaya ndi yamadzimadzi kaya yolimba. Titenge singano ya 25G, bowo la mamilimita 0.25, kutalika mamilimita 12.7, ndipo tikukankha ndi 100 kPa (Pa ndi muyezo wa mphamvu yopanikiza, kPa imodzi ndi 1,000 Pa). Mukawerengera mupeza pafupifupi 0.5 kPa, imene ndi 500 Pa. Maselo amene amakuta m'kati mwa mitsempha yathu yochokera kumtima amakhala moyo wawo wonse ndi shear stress ya pakati pa 1 ndi 7 Pa. Ndiye m'singanomo selo likukumana ndi mphamvu yoposa imene mtsempha umaidziwa pafupifupi ka 100. Limapulumuka chifukwa ulendowo ndi wa kanthawi kochepa chabe.

Tayang'ananinso masamuwo. R ali pamwamba. Zikutanthauza kuti mukasiya mphamvu yokankha momwe ilili n'kuika singano yaing'ono, shear stress ya pakhoma imatsika, sikwera. Anthu ambiri amadabwa nazo zimenezi. Nanga bwanji aliyense akunena kuti singano yaing'ono imapha? Chifukwa palibe amene amasiya mphamvuyo momwe ilili. Inki imasiya kutuluka, munthu n'kuwonjezera mphamvu. Lamulo la Hagen ndi Poiseuille limati pa zinthu zamadzimadzi wamba, kuchuluka kwa zotuluka kumatengera R kuchulukitsa yekha kanayi. Mukachoka pa 22G, imene bowo lake ndi mamilimita pafupifupi 0.41, kupita pa 27G, mwachepetsa bowo ndi theka. Kuti inki izituluka yochuluka mofanana ndi poyamba, mphamvu yokankha iyenera kukwera pafupifupi ka 16, ndipo shear stress ya pakhoma ikwera ka 8. Ngakhale kungochoka pa 25G kupita pa 27G, kumene kumaoneka ngati kusintha kwakung'ono, shear stress imatsala pang'ono kuwirikiza kawiri.

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa pakukhudza makina anuwo. Makina ambiri ogula amakankha inki ndi mpweya, ndipo amakhala ndi geji yoonetsa ma kPa. Inki ikalimba, pa makina oterewa imangosiya kutuluka, munthu amaona ndi maso n'kuganiza chochita. Anuwo amakankha ndi mota. Mota mwaiuza kuti isunthe mamilimita akutiakuti pa sekondi, ndipo idzasuntha basi, kaya inki yafewa kaya yalimba, kaya singano yatsekeka theka. Mphamvu ya m'sirinji imakwera mwakachetechete popanda chokuuzani. Mzere umatuluka wokongola ndithu, inu n'kumasangalala, pamene m'katimo maselo akuphulika. Makina a mota ali ndi ubwino wake, amatulutsa inki yoyezeka bwino kuposa a mpweya, koma ayenera kupatsidwa njira yoyezera mphamvu. Ndifotokoza patsogolopa mmene mungachitire popanda ndalama zambiri. Palinso mtundu wachitatu umene umakankha inki ndi sikuluwu yozungulira m'kati mwa inki momwemo. Umenewo ndi wabwino pa zinthu zolimba kwambiri, koma pa maselo musauganizire, umawapera.

Nthawi nayo muiwerengere. Ngati mukusindikiza pa liwiro la mamilimita 10 pa sekondi ndi singano yotalika mamilimita 12.7, inki imatenga sekondi imodzi ndi pang'ono kuti idutse. Maselo a pakhoma amatenga nthawi yoposa pamenepo, poti kumeneko inki ikuyenda mochedwa, ndiye amene akumva ululu wambiri ndi omwewonso amene amakhalitsamo. Singano yotalika kawiri, pa liwiro lomwelo, siwonjezera shear stress ya pakhoma, koma imawirikiza nthawi. Komanso bowo likamachepa, gawo la maselo amene ali pafupi ndi khoma limakula. Kamzere ka mamaikulomita 20 kozungulira khoma kamatenga pafupifupi 19 peresenti ya bowo la 22G, koma pa 27G kamatenga 36 peresenti.

Mwina mukufuna nambala yoti musapitirire. Kafukufuku amene anthu amamutchula kwambiri ndi wa Andreas Blaeser ndi anzake a ku Aachen, m'dziko la Germany, wa m'chaka cha 2016. Iwo adayesa maselo a mbewa otchedwa L929 ndipo adapeza kuti shear stress ikakhala pansi pa 5 kPa, maselo 96 pa 100 alionse ankapulumuka, pakati pa 5 ndi 10 kPa ankapulumuka 91, ndipo kupitirira 10 kPa ankatsala 76. Koma musaitenge 5 kPa ngati lamulo. Makina awo ankatulutsa inki m'timadontho kudzera pa kavalavu, ndiye selo linkakhala m'mphamvuyo kanthawi kochepetsetsa poyerekeza ndi m'singano yanu. Pa makina otulutsa mzere ngati anu, maselo amatha kuvulala pa mphamvu yochepa kuposa imeneyo. Gulu la Wei Sun ku Drexel University ku America lidayesa makina a mzere m'zaka za 2008 ndi 2009, ndipo lidaona kuti mphamvu yokankha inkakhudza moyo wa maselo kwambiri kuposa kukula kwa bowo. Pofika 2014, Sean Murphy ndi Anthony Atala, posonkhanitsa zimene ena adapeza, adalemba kuti pa makina a mzere maselo opulumuka amakhala pakati pa 40 ndi 80 peresenti, kutsika poyerekeza ndi makina a timadontho kapena a laser. Kutalikirana kwa 40 ndi 80 kukuuzani kuti zambiri zili m'manja mwa woyendetsa makinayo.

Pali malo ena oopsa amene masamu a pamwambawa sawaona, ndipo kwa ine ndi amene amanyalanyazidwa kwambiri: pakhomo pa singano. Sirinji ya mamililita 3 ndi yotambalala mamilimita pafupifupi 8.7. Inki ikachoka m'menemo kulowa m'bowo la mamilimita 0.25, liwiro lake limakwera kuposa ka 1,000 pa kamtunda kakafupi. Selo likafika pamenepo, kutsogolo kwake kwayamba kale kuthamanga pamene kumbuyo kukadali kochedwa, ndiye limatamuka m'litali. Mu shear ya pakhoma selo limatha kugubuduka n'kupewa gawo la mphamvuyo, koma pa kutamuka kumeneku lilibe kothawira. Mu 2012, Brian Aguado ndi Sarah Heilshorn a ku Stanford University adafufuza chimene chimapha maselo pobayidwa ndi jekeseni wamba, ndipo adaloza kutamuka kwa pakhomoku ngati gwero lalikulu. Adapezanso chinthu chimene chikuthandizeni: maselo a m'mitsempha ya magazi amene adadutsa ali m'madzi chabe adapulumuka pafupifupi 59 peresenti, pamene amene adadutsa ali mu alginate yogwirana pang'ono adapulumuka pafupifupi 89 peresenti. Inki yokonzedwa bwino imateteza maselo.

Chifukwa cha pakhomopa, ndimakonda timilomo tapulasitiki tosongoka pang'onopang'ono kuposa masingano achitsulo owongoka. M'kamlomo kosongoka njira imachepa mwapang'onopang'ono, mphamvu yofunika kukankha imatsika kwambiri, ndipo malo opanikiza ndi kunsonga kokha kumene selo limadutsa mwachangu. Thomas Billiet ndi anzake a ku Ghent, Belgium, adayerekeza mitundu iwiriyi mu 2014 ndipo pa mphamvu yochepa kosongoka ndi kamene kadasunga maselo ambiri. Mphamvu ikakwera kwambiri kusiyanako kumachepa, ndiye kamlomo kosongoka si chilolezo choti muthamangitse mota.

Tsopano inki. Imene mukufuna ndi yoti ikakhala phee ikhale yolimba, koma ikakankhidwa ifewe. Alginate ndi gelatin zili ndi khalidwe limeneli chifukwa timaulusi take tataliatali timakhala topiringizana zikakhala, ndipo timawongoka n'kutsetserekana zikayamba kuyenda. M'singano, inki yotere imafewa pakhoma pokha pamene shear ili yambiri, pakati ponse n'kumayenda ngati chinthu chimodzi, maselo a m'menemo osakokedwa. Akatswiri amayeza khalidweli ndi nambala n. Madzi ali ndi n wa 1. Inki yabwino imakhala ndi n wotsika, mwina 0.3. Kumbukirani kuti kuchepetsa bowo ndi theka kunakweza shear stress ka 8. Pa inki ya n wa 0.3, kusintha komweko kumaikweza osakwana kawiri. N'chifukwa chake munthu wina akhoza kugwiritsa ntchito 27G maselo ake n'kukhala bwino, mnzake pa 27G yomweyo n'kuwapha.

Vuto limene aliyense amalimbana nalo n'lakuti zimene mzere ukufuna ndi zimene selo likufuna zimatsutsana. Mukawonjezera alginate, mzere umaima bwino osaphwasuka, koma mphamvu yokankha imakwera, ndipo ngakhale selo lipulumuke m'singano limakapezeka m'malo othina moti silingatambasuke kapena kugawikana. Mukachepetsa, maselo amasangalala koma chimene mwasindikizacho chimasanduka chithaphwi. Maganizo anga ndi akuti wophunzira ayambire kumbali ya selo. Pezani inki yofewa imene maselo akukhalamo bwino, kenako muzilimbitsa pang'onopang'ono mpaka mzere uime, m'malo moyamba ndi inki yolimba n'kumayembekeza kuti maselo apirira. Dziwaninso kuti maselo a nyama sagwira pa alginate yokha, alibe pogwirira. Gelatin ndi imene imawapatsa pogwira, koma ngati simunaimange ndi mankhwala ena imasungunuka pa madigiri 37 n'kumatuluka pang'onopang'ono m'masiku oyamba.

Gelatin yomweyo ndi imene idzakusautseni ku Thyolo kuno. Imagwirana kutentha kukatsika pansi pa madigiri pafupifupi 30, ndipo ikayamba kugwirana siima, imapitiriza kulimba pamene mphindi zikupita. M'mawa wa mu Julaye chiperoni chitakuta, chipinda chopanda makina osunga kutentha chimazizira moti inki imene dzulo masana inkatuluka bwinobwino lero ikufuna mphamvu yoposa pamenepo kutalitali. Mu Okutobala inki yomweyo imakhala yamadzimadzi. Makina a mota sadzakuuzani zimenezi, adzangokankha. Singano yachitsulo imawonjezera vutoli poti imazizira msanga n'kulimbitsa inki m'kati mwake momwemo. Ndiye kutirani sirinji ndi kachotenthetsera kokhala ndi sensa, zimene mungathe kulumikiza pa bolodi ya makina a 3D omwewo pamalo pamene pankalumikizidwa chotenthetsera pulasitiki. Ndipo nthawi iliyonse dikirani mphindi zofanana kuchokera pamene mwathira inki m'sirinji kufika poyamba kusindikiza. Lembani m'buku kutentha kwa chipinda tsiku lililonse. Popanda zimenezi zotsatira za mu Juni simungaziyerekeze ndi za mu Okutobala.

Nanga m'selomo chimachitika n'chiyani? Khungu la selo n'lopyapyala kwambiri ndipo silitamuka kwenikweni, likatambasulidwa ndi maperesenti ochepa chabe limabooka. Chimene chimalithandiza ndi makwinya amene limakhala nawo, amene amayamba atambasuka khungulo lisanakokedwe. Makwinyawo akatha, pamatseguka timabowo. Tikakhala tating'ono, selo limatitseka m'masekondi ochepa n'kupitiriza moyo. Tikakula, za m'kati zimatayika ndipo lafa pomwepo. Koma pali gulu lapakati limene limapusitsa anthu. Selo latseka bowo, likuoneka lamoyo, koma calcium wambiri walowa kale ndipo mafupa ake a m'kati aduka. Pakapita maola angapo limayamba kudzipha lokha mwadongosolo, zimene amati apoptosis. Ena safa n'komwe koma amasintha khalidwe. Maselo ali ndi timakomo tomva kukokedwa, monga Piezo1, timene kupezeka kwake kudapatsa Ardem Patapoutian mphoto ya Nobel mu 2021. Gulu la Blaeser lija lidaonanso kuti ma stem cell a munthu (maselo otha kusanduka mitundu ina ya maselo) amene adadutsa mu shear yambiri adasintha kachulukanidwe kawo patapita masiku.

Choncho kuwerenga maselo kamodzi kokha mukangomaliza kusindikiza n'kudzinamiza. Njira yodziwika ndi kuthira calcein-AM, imene imawalitsa amoyo mobiriwira, ndi ethidium homodimer kapena propidium iodide, imene imawalitsa akufa mofiira, n'kuyang'ana pa maikulosikopu ya fluorescence. Chitani zimenezi pakangotha ola limodzi kapena awiri, kenako pa maola 24, pa tsiku la 3 ndi la 7. Ngati maikulosikopu yotereyo palibe, sungunulani alginate ndi sodium citrate, mutenge maselowo muwawerenge ndi trypan blue. Koma chenjerani ndi nambala za masiku akutsogolo. Maselo akufa amaphwanyika n'kusowa, amoyo n'kumachulukana, ndiye pa tsiku la 7 mutha kupeza 95 peresenti pamene theka lidafa tsiku loyamba. Muziwerenga chiwerengero chonse cha maselo, osati peresenti yokha.

Musaike mlandu wonse pa singano musanafufuze. Nthawi iliyonse gawani inki yanu ya maselo patatu. Gawo loyamba lisindikizeni. Lachiwiri lithireni m'mbale ndi pipeti ya kukamwa kwakukulu osadutsa m'singano, koma lilandire zina zonse mofanana. Lachitatu likhale m'sirinji nthawi yonse yosindikiza kenako mulitulutse singano mutaichotsa. Kusiyana kwa loyamba ndi lachitatu ndiko kwa singano. Kawirikawiri mudzapeza kuti ambiri adafa kale posakaniza, munthu akutakasa inki yolimba mwamphamvu mpaka kuchita thovu. Ena amafa ndi calcium chloride yolimbitsira alginate ikakhala yamphamvu kapena ikakhalitsa, ndiye mphindi zochepa zikakwana muitsuke. Ena amafa ndi kuuma, poti kamzere kopyapyala kamauma msanga pa mphepo ya m'kabati yogwiriramo ntchito. Enanso amafa chifukwa chokhalitsa kunja kwa inkyubeta, kumene kulibe madigiri 37 ndi 5 peresenti ya carbon dioxide imene imasunga pH. Amene amalimbitsa GelMA (gelatin yosinthidwa ndi mankhwala) ndi kuwala kwa UV ali ndi mdani winanso. Magetsi akathima usiku inkyubeta n'kuzizira, musadzalembe kuti idapha ndi shear stress.

Za kuyeza mphamvu zija. Ikani load cell yaing'ono, kachipangizo koyeza mphamvu yokankha, pakati pa chokankha cha mota ndi mutu wa pisitoni ya sirinji, muilumikize ku kakompyuta kakang'ono ka Arduino kudzera pa kabolodi ka HX711. Mphamvu ya m'sirinji ndi mphamvu imene load cell yawerenga kugawa ndi kukula kwa nkhope ya pisitoni. Pa sirinji ya mamililita 3, nkhopeyo ndi masikweya milimita pafupifupi 59, ndiye 100 kPa ikufanana ndi kulemera kwa magalamu pafupifupi 600. Ngakhale sikelo ya kukhitchini ikhoza kukupatsani chithunzi choyamba. Yambani mwayeza sirinji yopanda singano kuti mudziwe mphamvu imene labala wa pisitoni akudya pokhulana ndi khoma, muichotsere. Kenako thamangitsani mota pa maliwiro asanu kapena asanu ndi limodzi osiyana, muzilemba mphamvu ndi kulemera kwa inki yotuluka pa mphindi imodzi. Mukajambula logarithm ya shear stress molimbana ndi logarithm ya inki yotuluka, kupendekeka kwa mzerewo ndiye n wa inki yanu. Mwapeza ndi zipangizo zotchipa chimene ena amachipeza ndi rheometer, makina oyezera kayendedwe ka inki a ndalama zankhaninkhani. Muuzenso Arduino kuti iziimitsa mota mphamvu ikapitirira malire amene mwaika. Kwa ine, makina amene amadziwa mphamvu yawo n'kudziimitsa okha ndi pulojekiti yokwanira kale, ngakhale selo limodzi lisanalowemo.

Wina adzakuuzani kuti muyesere ndi yisiti ya buledi poti ndi yosavuta kupeza. Pophunzira kusakaniza ndi kuwerenga ndi yabwino. Koma selo la yisiti lili ndi chikhoma cholimba kunja kwake chimene maselo athu alibe, ndipo lidzapulumuka mphamvu zimene zingaphe maselo a nyama. Musadzatenge zotsatira zake ngati umboni woti makina anu ndi ofatsa. Ngakhale pakati pa maselo a nyama pali kusiyana. Ma fibroblast (maselo opanga minofu yolumikiza, monga ya m'khungu) komanso maselo a chichereŵechereŵe amapirira, pamene ma stem cell a mtundu wa pluripotent (otha kusanduka pafupifupi selo lililonse la m'thupi) komanso maselo a ubongo sachedwa kufa. Yambani ndi opirira monga L929 kapena 3T3. Maselo ochokera kwa munthu, ngakhale magazi anu omwe, amafuna chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku musanawakhudze, ndipo aphunzitsi anu akutsogolerani pamenepo.

Ndiye mugule chiyani? Gulani timilomo tapulasitiki tosongoka ta 22G ndi 25G, ndi masingano achitsulo afupiafupi a mamilimita 6.35 kapena 12.7 a kukula komweko kuti muziyerekeza. Akhale osasongola kunsonga, osati a jekeseni a kuchipatala amene adadulidwa mopendekeka. Yambani ndi 22G pa liwiro lochepa, mamilimita 5 pa sekondi kapena kucheperapo, ndipo mutsike ku 25G pokhapokha load cell ikakuonetsani kuti mphamvu ikadali pansi. Za 27G ndi 30G muzisiye kaye. Mzere wa mamilimita 0.4 wa maselo amoyo uli ndi ntchito, wa 0.15 wa maselo akufa ulibe.

Ngati mukufunitsitsa mizere yopyapyala ndi inki yofewa, njira ilipo ndipo ikugwirizana ndi makina ngati anu. Gulu la Adam Feinberg ku Carnegie Mellon University lidatulutsa mu 2015 njira yotchedwa FRESH. M'malo mosindikiza pambale youma, singano imayenda m'kati mwa bafa la timibulu ta gelatin, limene limapatuka singano ikamadutsa n'kugwira mzerewo pamalo pake. Inki siyeneranso kudziimira yokha, ndiye ikhoza kukhala yofewa kwambiri, mphamvu yokankha n'kutsika. Mukamaliza mumatenthetsa kufika madigiri 37, bafalo limasungunuka, chosindikizidwacho n'kutsala. Iwo adayamba ndi makina wamba a MakerBot amene adawaika sirinji, ndipo mu 2019 adasindikiza ndi collagen ziwalo zina za mtima monga valavu. Mapulani a chokankhira sirinji chawo adawaika poyera kuti aliyense atenge.

Maselo akapulumuka singano amakumana ndi njala ya mpweya. M'thupi, maselo ambiri sakhala kutali ndi kamtsempha ka magazi kuposa mamaikulomita 100 mpaka 200, chifukwa okosijeni salowerera patali kuposa pamenepo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kamtima kamene Tal Dvir ndi anzake adasindikiza ku Tel Aviv mu 2019 kadali kakang'ono ngati ka kalulu ndipo sikankapopa magazi, pamene khutu limene kampani ya 3DBio Therapeutics idasindikiza n'kuikidwa pa mayi wina ku Texas mu 2022 lidatheka, poti chichereŵechereŵe sichidalira mitsempha ya magazi. Inu musindikize ngati ukonde, mizere yotalikirana yosiya mipata yoti madzi odyetsa maselo azidutsa, osati chibuma chodzaza. Poyang'ana pa maikulosikopu musangojambula pamwamba. Dulani chidutswa ndi lumo loyera muone pamene ofiira ali. Akakhala pakati pa mzere ndipo akuchuluka pamene masiku akupita, vuto ndi okosijeni, chepetsani kunenepa kwa mzere kapena chiwerengero cha maselo pa mililita. Akakhala m'mphepete mwa mzere kuyambira tsiku loyamba, yang'anani gawo lachiwiri lija limene silinadutse m'singano. Ngati nalonso lili ndi ofiira m'mphepete, chepetsani calcium chloride ndipo muteteze mzere kuti usaume. Ngati ilo lili lobiriwira, tsitsani liwiro la mota ndi theka, mukweze kutentha kwa sirinji ndi digiri imodzi kapena awiri, muyesenso.